Mpando wa Amake Lonjezo

Torino, Italy
3 Disembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Msakambewa, ndi kuti mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira koopsa. Kodi mvula yagwa? Munda wakudambo mwadzala? Ndalemba papepala n'kujambula pa foni monga mumafunira, poti munati uthenga wa pa foni umakhala ngati munthu akulankhula akuthawa.

Ndili ndi nkhani yabwino. Mukudziwa kuti ntchito yanga pakampani pano ndi kujambula maonekedwe a magalimoto asanapangidwe. Chaka chino anatiuza kuti aliyense ajambule galimoto ya m'tsogolo, koma nzeru zake azitenge ku chilengedwe, kaya mbalame, kaya nsomba, kaya mtengo. Anzanga anajambula zinsomba zimene ine sindinazionepo. Ine ndinakumbuka ngumbi. Amayi, asankha yanga! Aipangadi, ndipo dzina lake ndi Ngumbi. Azungu lilime likuwakanika, akumati "Engumbi".

Idzakhala yamagetsi, yosatulutsa utsi. Denga lake lidzakhala ngati mapiko anayi a ngumbi, opyapyala, oonekera kuseri, okoka mphamvu ya dzuwa. M'mbali mudzakhala timabowo tolowetsa mphepo monga chimachitira chulu, kuti mkati muzizizira popanda makina.

Ndawalembera amayi aang'ono ku Malomo kuti andithandize pa za ngumbizi, poti chulu chimene ndinkachiganiza ndi chija cha kuseri kwa nyumba yawo ya kusukulu. Pali nesi wina wa ku Mtengowanthenga, dzina lake Judith, akubwera kuno mwezi wamawa kudzaphunzira, ndiye adzanditengera. Inu musavutike ndi chilichonse, mwendowo upume.

Ine mwana wanu,
Lonjezo

*

Msakambewa, Dowa
14 Disembala 2024

Hana mng'ono wanga,

Moni. Kuno tilipo. Mvula yagwa, chimanga chamera, kupatula pamene nkhanga zinafukula. Kaya iwe ndi ana asukulu ako.

Ndalandira kalata ya Lonjezo. Ndasangalala, ndipo amayi a Chigwirizano ndawauza kale kuti mwana wanga akupanga galimoto ku Ulaya. Koma pali mawu amodzi andikhala pakhosi. Akuti ngumbi wapempha kwa iwe, ine ndisavutike. Kodi ku Dowa kuno zulu zinatha? Ngumbi yoyamba imene mwana ameneyu anaika pakamwa anaidyera pamiyendo panga, mano asanakwane n'komwe.

Usaiwale mmene anafikira kwa iwe. Pamene ine ndi malemu bambo ake tinkapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kumeneko kunalibe sukulu, ndipo iwe unali utangoyamba uphunzitsi. Ndinakubwereka mwana, Hana, sindinakupatse. Kuti zaka zinachuluka mpaka anamaliza sekondale ali kwako, sikunali kufuna kwanga. Unali umphawi.

Undiuze tsiku limene nesiyo akunyamuka. Nanenso ndili ndi manja.

Mkulu wako,
Magdalena

*

Malomo, Ntchisi
27 Disembala 2024

Okondedwa akulu anga,

Zikomo chifukwa cha kalata. Khirisimasi tadya bwino. Sukulu tatsekera, ndiye masiku ano ndikupalira.

Palibe amene waiwala kuti munabereka ndinu. Mwanayu wangokumbuka chulu chimene ankachiona tsiku ndi tsiku. Ankakhala pamenepo ndi kope lake, kujambula timabowo, chakudya n'kumazizira. Tsiku lina anayatsa udzu pafupi ndi bowo kuti aone kumene utsi ukulowera ndi kumene ukutulukira. Anatsala pang'ono kutentha mpanda wa a hedi, ndipo ndinamukwapula. Lero azungu akumuombera m'manja chifukwa cha zomwezo.

Judith akunyamuka pa 18 Januwale. Mukafuna kutumiza kanthu, mukamupatse ku Mtengowanthenga tsikulo lisanafike. Zanga ine ndakonza kale. N'zochepa, sizilemera.

Mng'ono wanu,
Hana

*

Torino
9 Febuluwale 2025

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Feteleza wachiwiri munathira?

Judith wafika, ndipo botolo lanu la ngumbi ndalandira. Nditatsegula, fungo lake linadzaza chipinda chonse, ndinakhala pansi n'kulira. Akuti munakwera njinga yamoto ndi mwendo wotupa kukamupatsa. Amayi, zikomo. Ndinatengako kuntchito. Bwana wanga anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi izi ndi zija tikupangira galimoto?" Nditavomera anatseka maso n'kuponya imodzi mkamwa. Pomwe ndimatembenuka, dzanja lake linali litabwereranso m'mbale.

Kungoti mwina amayi aang'ono anaiwala kukuuzani. Chimene ndinkafuna pantchito ndi mapiko. Inu munapeta bwino zedi, ndinakhuthula botolo lonse osapeza ndi phiko limodzi lomwe. Iwo anaika mapiko pakati pa masamba a buku la masamu, afika osathyoka. Tawaika pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Mitsempha yake ndi imene imachititsa kuti kanthu kopyapyala chotere kasang'ambike pamphepo, ndipo ndi imene tikutsanzira popanga denga.

Panopa galimoto ndi ya dongo, yaikulu ngati yeniyeni. Timaipala ndi timipeni mpaka isalale, ngati ana akuumba ng'ombe kudambo. Chonde musawalonjeze amayi a Chigwirizano kuti adzakwera. Galimoto yotere imapangidwa imodzi yokha, sigulitsidwa. Ntchito yake ndi kuonetsa anthu kumene magalimoto akulowera: opepuka, osasowa mafuta, ophunzira kwa zolengedwa.

Adzaionetsa kwa anthu mu Juni. Kampani yati ndiitane kholo limodzi, ulendo alipira iwo. Limodzi lokha. Za mapepala ofunika ndawafotokozera kale amayi aang'ono pa foni, poti zam'maofesi amazidziwa. Iwo akuuzani.

Mwana wanu,
Lonjezo

*

Msakambewa
16 Marichi 2025

Hana,

Moni ndikupatsa chifukwa ndife Akhristu.

Unadziwa kuti mwana akufuna mapiko. Unandisiya ndikugwada pachulu cha a Chikhumbo, oyandikana nafe, ndi mwendo wangawu, ndikukazinga, ndikuyanika, ndikupeta mpaka manja kuwawa. Chimene mwana wanga ankachifuna ndinachiulutsa ndekha ndi lichero, chinapita ndi mphepo kuseri kwa nkhokwe. Iwe n'kumati zako sizilemera. Unkaseka polemba mawu amenewa?

Ndinati ndikhale chete. Koma sabata yatha ndinapita ku Mponela kukagulitsa tomato, ndipo anandigula mayi wina dzina lake Lines, akuti amakhala moyandikana nawe. Atandiyang'ana nkhope anati, "Kodi inu si achibale a amake Lonjezo? Mwafanana mphuno."

Ine ndinati, "Amake Lonjezo ndi ati?"

Iye anati, "Aphunzitsi aja a ku Malomo. Akupitatu ku Ulaya, pasipoti atenga kale. Mwana wawo wapanga galimoto youluka."

Ndinamupatsa tomato wake, ndinamuwonjezera ndi basela. Ndikanati chiyani pakati pa msika? Kuti mimba inali yanga?

Tsono n'chifukwa chake mwana analemba kuti mapepala wakufotokozera iwe. Pita. Ine mpando sindipempha, ndipo ku Lilongwe sindikapondako kukaima pamzere wa pasipoti imene palibe akuifuna. Ukakwera ndege ukandiyang'anire pansi, udzandiona ndikukolola.

Magdalena

*

Malomo
2 Epulo 2025

Akulu anga,

Kalata yanu ndaiwerenga ndili m'kalasi, ana ndinawauza kuti alembe okha. Werengani iyi mpaka pansi musanaing'ambe.

Za mapiko, inde, ndinadziwa. Ndinafuna kuti pa galimoto imeneyi kanthu kamodzi kakhale kanga ndekha.

Za pasipoti zinayenda motere. Mu Febuluwale Lonjezo anaimba foni. Mukudziwa mmene foni imadukiradukira kumapiri kuno. Ndinamva kuti, "Amayi, pafunika pasipoti, zithunzi, ndi kalata yochokera kuno," kenako phokoso, kenako zii. Pa foni nanenso amanditcha Amayi. Sindinaimbenso kuti ndifunse bwino, chifukwa zimene ndinamvazo zinandikoma. Ndinapita ku Lilongwe, ndinajambulitsa, ndinadikira, inatuluka. Lines ndinamuuza ndine, ndipo sindinamuletse kuuza ena.

Pakati pa Marichi anaimbanso. Anati, "Kodi amayi a ku Msakambewa mwawaperekeza kale za pasipoti zija?"

Ndinati, "Ati?"

Anati, "Amayi. Pakalata yoitana ndalembetsa dzina lawo. Paja ndinakupemphani kuti muwathandize."

Ndinali nditaima pa chulu chomwe chija, poti m'pamene foni imagwira. Ndinati mvula ikubwera, n'kudula. Kunja kunali dzuwa.

Mpando ndi wanu, akulu. Unali wanu kuyambira pachiyambi. Ndinayenera kukuuzani tsiku lomwelo, koma pakamwa panalemera.

Mukuti ndikuchita kukulandani mwana. Ine ndiye ndalanda chiyani? Chikuku anadwalira pamsana panga. Atatha msinkhu anauza ine. Usiku woti mawa mayeso ankagona atagwira chitenje changa. Koma mukangotulukira pa tchuthi ndi nzimbe ziwiri, ankathamangira inu, kundisiya ndili ndi madzi ake osamba m'manja. Mukabwerera ankalira sabata yonse, womutonthoza n'kukhala ine. Anthu a kuno amanditcha amake Lonjezo chifukwa alibe dzina la mwana wina loti anditchulire. Inu mukudziwa kuti Mulungu wanga sanandipatse. Dzinalo ndinkangovala ngati nsapato zobwereka, ndikudziwa mwini wake.

Fulumirani ku Lilongwe, nthawi yatha kale. Mukafuna ndikuperekezani, makomo ake ndawadziwa.

Hana

*

Torino
24 Epulo 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mukukolola bwino. Amayi aang'ono andifotokozera zonse. Kulakwa kwina n'kwanga, ndinayenera kulemba dzina lanu poyera m'kalata ija. Ndamva kuti ku Lilongwe munapita nokha sabata yatha, munakana kuperekezedwa. Zithunzi zanu ndaziona, mwaoneka bwino, koma mukanamwetulira pang'ono.

Galimoto yatha. Dongo lija linali chikombole chabe, tsopano ili ndi thupi lenileni, lofiirira ngati dothi la kwathu mvula itangogwa. Mipando tailuka ndi khonje pa mafelemu a nsungwi. Ukayandikira, mapiko amadzuka okha kuti ulowe. Dzulo anandilola kuiyendetsa pabwalo la kampani. Simveka, Amayi. Umangomva matayala ndi mphepo ikulowa m'timabowo tija. Ndinkaganiza za msewu wa ku Msakambewa, kuti tsiku lina galimoto yopepuka chotere, yomwa dzuwa, idzatengera odwala kuchipatala popanda wina kufunsa za mafuta.

Tsopano nkhani yovuta. Kuti munthu aloledwe kulowa dziko lino pamafunika chilolezo china chodindidwa m'pasipoti, ndipo chimatenga nthawi. A kuofesi akuti dzina la wobwera likhale litatsimikizika pofika pa 12 Meyi. Ngati yanu idzakhale isanatuluke, ndikupempha mundilole ndilembetse amayi aang'ono, poti yawo ili kale m'manja. Sikuti ndikukuchotsani. Ndikungofuna kuti ndikadzaima kutsogolo ndidzaone nkhope imodzi ya kwathu.

Sindisintha popanda mawu anu. Chonde mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Lonjezo

*

Msakambewa
10 Meyi 2025

Mwana wanga Lonjezo,

Moni. Tili bwino. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza ndi umene sunachite bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha ntchito.

Pasipoti ituluka. Ndapitako, akuti anthu ndi ambiri koma ndidikire. Abusa apemphera. Telala wandisokera kale diresi ndi duku lake, nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Usasinthe dzina. Amayi ako aang'ono ali ndi ana a Sitandade 8 oti alembe mayeso, si bwino kuwasokoneza. Ndiponso mapiko awo afika kale kumeneko, awaimirira.

Zambiri za moyo wako ndinazimva kwa anthu. Kuti wakhoza mayeso ndinamva kwa anthu. Kuti wasankhidwa kupita kunja ndinamva kwa anthu. Ichi chokha ndikufuna ndione ndi maso anga. Mpando wolembedwa dzina langa usakhalidwe ndi wina ine ndili moyo.

Amayi ako okubala,
Magdalena

*

Torino
15 Juni 2025

Kwa Amayi ku Msakambewa ndi Amayi ku Malomo,

Moni nonse. Kalatayi ndi imodzi, ndaitumiza kwa nonse awiri nthawi imodzi.

Galimoto tinaionetsa Lachinayi. Holo inadzaza, atolankhani, akuluakulu a makampani, ophunzira. Inali itafundidwa nsalu yoyera. Atachotsa nsaluyo, mapiko anadzuka pang'onopang'ono, kuwala n'kudutsa m'mitsempha ija mpaka mithunzi yake inagwera pankhope za anthu. Holo yonse inaomba m'manja. Anandipatsa mpata wolankhula. Ndinanena za chulu cha ku Malomo ndi mkwapulo umene ndinalandira. Ndinanenanso za botolo la ku Msakambewa, ndipo bwana wanga anaimika dzanja kuchitira umboni kuti zimakoma. Anthu anaseka. Kampani yati denga lija aliyesa pa magalimoto ogulitsa, ndipo ine ndikhala m'gulu lotsogolera.

Pamzere wakutsogolo panali mpando wolembedwa m'Chitaliyana kuti "Amake Lonjezo". Ndinadikira mawu anu, Amayi a ku Msakambewa, monga ndinalonjezera. Pamene munati ndisasinthe, sindinasinthe. Amayi aang'ono, inunso mukanalankhula mu Marichi, bwenzi pasipoti itatuluka nthawi yabwino. Mpandowo unali wopanda munthu, ndipo ndili pamwamba paja maso anga ankangobwerera pomwepo.

Kuno ndimachita lendi chipinda kwa mayi wina wamasiye, dzina lawo a Susana. Ndi amene anandisitira diresi m'mawa wa tsikulo, ndi kundikakamiza kudya ndisananyamuke. Anabwera pa basi osaitanidwa n'kuima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Nditamaliza kulankhula ndinatsika, ndinakawagwira dzanja n'kuwakhazika pampando paja. Analira mpaka mpango unanyowa. Wojambula zithunzi anawafunsa kuti, "Kodi ndinu mayi ake?" Iwo anati, "Kuno, inde." Ine sindinatsutse. Chithunzicho chatuluka m'nyuzipepala ya kuno, ndachiika pansi pa kalatayi.

Ndatopa kuyeza mawu ngati mchere polembera aliyense wa inu. Ndikati chulu, wina akwiya. Ndikati kubala, wina alira. Ndinakonza zobwera kumudzi mu Disembala, koma ndikaganiza zoti ndege ikatera ndidzayenera kusankha nyumba yoyamba kulowa, mtima umafooka. A Susana andiitanira kumudzi kwawo kumapiri kuti ndikadye nawo Khirisimasi. Sindinawayankhe.

Ndimakukondani nonse, ndipo mukudziwa.

Lonjezo

*

Msakambewa
29 Juni 2025

Hana mng'ono wanga,

Moni. Uli bwanji? Chifuwa chija chimakugwira nyengo yozizira chakuyamba? Uzimwa madzi otentha a mandimu.

Chithunzi wachiona? Ine ndachikulitsa ndi zala mpaka foni inatentha. Waona pamene dzanja la mzimayiyo lili? Pa tsaya la mwana wathu. Pa tsaya, Hana! Munthu wosadziwa ngakhale kuti ngumbi imatuluka mwezi uti. Akuti anamusitira diresi. Diresi lomwelo kolala yake yapindika, yang'anitsitsa kumanzere. Iwe sukanalola mwana kutuluka m'nyumba chotero. Ndipo waona mmene waondera Lonjezo? Amamudyetsa chiyani ameneyu?

Pasipoti inatuluka Lachisanu lapitali. Ndaiika m'sutikesi pamodzi ndi diresi lobiriwira. Sindinauze munthu, ndiwe woyamba.

Lamulungu lapitali kutchalitchi amayi a Chigwirizano anandizungulira kuti aone galimoto. Ndinawaonetsa nditaphimba mbali ina ndi chala. Elifala, ukumudziwa kamwa yake, anachotsa chala changa n'kufunsa kuti, "Nanga mzunguyu ndani wakhala pampando wanu?" Ndinati ndi wantchito wa pakampani. Ndanama m'bwalo la tchalitchi, pa msinkhu wanga uno.

Galimotoyo ndi yokongola. Ndakhala ndikuyang'ana dengalo. Ndi mapiko enieni, ngakhale kamtsempha kokhota kaja ka m'mphepete kalipo. Unasankha abwino. Ukanakhala iwe pampando paja, bwenzi ndikukwiya mpaka chaka chamawa, koma bwenzi pali mphuno ya kwathu m'nyuzipepala. Izi ndanena kamodzi, usadzandibwerezetse.

Tsono tamvera. Mwana uyu akakadya Khirisimasi kumapiri a eni ake, chaka chinacho adzapitanso, ndipo tsiku lina tidzangomva kuti wakwatiwa, ndipo ankhoswe anali a Susana. Bwera Loweruka. Ukafika pa Dowa boma undiimbire, nditumiza njinga yamoto. Udzagone kuno, bulangeti lilipo. Tidzamulembere kalata imodzi, ulembe ndiwe poti dzanja lako ndi la mphunzitsi. Timuuze kuti ku bwalo la ndege tidzapita tonse awiri pa minibasi imodzi, ndipo kumene adzagone tsiku loyamba tonse tidzagona komweko. Ngati ndi ku Malomo, chabwino, ndikufuna ndikachione chulu chimenechi.

Koma posaina pansi, dzina langa likhale pamwamba.

Mkulu wako,
Magdalena